Tambala wa a Mhango

Ana anga, Tiyamike, Limbani ndi iwe Chisomo: za ubwana wanga ku Dowa munazimva mpaka makutu anatopa, ndiye pano ndizilumpha. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene munachiona ndi maso koma palibe anakuuzani mutu wake. Mukumukumbukira tambala wofiira uja, amene anakhala masabata atatu ali womangidwa mwendo ku mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, amayi anu n'kuletsa kuti asaphedwe komanso asamasulidwe? Nkhani yake ndi ino.

Chaka chimene Tiyamike anabadwa

Ndinayamba ngati mesenjala pa labotale ina yofufuza za mankhwala kuno ku Lilongwe. Dzina lake sindilemba, poti cholakwa chimene chili m'masamba ano ndi changa, osati chawo. Ndinalowa ndi Sitandade 8 ndi nsapato za alamu anga, zazikulu moti ndinkachita kupakiramo nyuzipepala kuzala. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kawale, chipinda chimodzi. Bwana wanga woyamba anali a Jere, osunga sitolo, munthu amene ankaonetsetsa matsache madzulo aliwonse ngati angaswane iwo atachoka. Tsiku lina anandituma kukatentha mabuku akale amene chiswe chinali chitayamba kudya. Theka ndinatentha kuti utsi uoneke, theka ndinalowa nalo m'ovolosi. Pakati pake panali dikishonale yopanda chikuto, imene chiswe chinaidya mpaka pa chilembo cha D. Sekondale yanga yonse inali imeneyo. Mawu a Chingerezi oyambira pa D kupita kutsogolo ndimawadziwa ngati mphunzitsi, koma a kumbuyoko mpaka lero ndimachita kufunsa.

Ndinkawerenga chilichonse: zolembedwa pa mabotolo, mapepala a m'bini, ngakhale kapepala kokulungira usipa. Amayi anu ankati ndili ndi mitala, ndipo mkazi wachiwiriyo amanunkha nkhungu. Anthu ataona kuti ndimavala ovolosi yoyera ndiponso ndimatchula mawu aatali, anayamba kunditcha adokotala. Ndinkakana ndi pakamwa, koma mtima unkavina. Gwirani pamenepo, chifukwa matenda anga anayambira apo.

Chaka chimene tinasamukira ku Area 23

Kunabwera bwana watsopano, Dokotala Chunga, mayi wamfupi woyenda ngati wasiya mwana pamoto, amene anaphunzira kunja za mankhwala ochokera ku zomera. Sanali dokotala wa odwala ayi, sanagwirepo munthu pamphumi. Anandipeza ndikuwerenga kuseri kwa thanki ya madzi nthawi ya ntchito, ndipo m'malo mondikalipira anati, "A Mwale, munthu wowerenga ndikumufuna ku mbewa." Anandipatsa makiyi a kachipinda kodzaza ndi mbewa zoyera, za maso ofiira, zochita kuitanitsa pa ndege. Lamulo loyamba analinena akundiyang'ana m'maso. "Ndamva kuti kwanu ndi ku Dowa. Izi si ndiwo." Ndinakhumudwa pang'ono, ngakhale kuti, kunena zoona, ndinali nditaziyerekeza kale zili pa mpani.

Ntchito yawo inali iyi. Kumapiri kuli mtengo wina umene sindiutchula, poopa kuti wina angaupitire ndi nkhwangwa. Khungwa lake lili ndi chiphe chimene mtengowo umadzitetezera nacho ku tizilombo. Chiphecho chimapha khansa, koma chimaphanso mwini khansayo, chifukwa sichidziwa kusiyanitsa. Ndiye adokotala ndi anzawo akunja ankachitenga n'kumachisintha pang'onopang'ono, kuchotsa apa, kuwonjezera apo, monga mmene wosula makiyi amapalira kiyi mpaka itamatsegula chitseko chimodzi chokha. Akasintha, ankathira m'kabotolo kakang'ono ngati chala n'kulembapo nambala. Mbewa ankaziika chotupa pansi pa khungu, n'kumazibaya za m'botolomo kuti aone chimene chichitike. Ine ndinkazidyetsa, kuziyeza pa sikelo m'mawa uliwonse, kulemba m'buku, kuzigwira pobaya, ndi kutentha zimene zafa. Mabotolo oyambira nambala 1 mpaka 13 anatidyera zaka zisanu ndi ziwiri. Ena sankachita kanthu. Ena ankapha mbewa dzuwa lisanalowe.

Zosowa zinali zambiri. Magolovesi tinkachapa n'kuwayanika pa waya ngati matewera. Chakudya cha mbewa chikachedwa pa malire, ndinkasakaniza gaga, soya ndi usipa wosinja, ndipo zinkanenepa kuposa ana anga. Koma mdani wamkulu anali magetsi. Mabotolo aja sankagwirizana ndi kutentha. Magetsi akazima, jenereta ilibe dizilo, ndinkawalongedza m'kulabokosi pamodzi ndi madzi oundana n'kuthamangira nawo ku kachipatala kena ka ku Chinsapo, kumene kunali filiji ya gasi. Ntchito imeneyi adokotala sankatuma munthu wina. Ankati, "A Mwale sapatuka."

Kunyumba tinkagawana mpanda ndi a Mhango, telala wochokera kumpoto, mkulu wa mpingo, munthu woonda wosadziwa kukweza mawu. Akazi awo, a NyaMsiska, ankagulitsa ufa wa kondowole ndi nsomba zouma pa msika, ndipo pakamwa pawo panali lumo. Tsiku limene iwe Chisomo unafuna kubadwira m'khitchini ine ndili kuntchito, a Mhango ndiwo anakaima pakati pa msewu kuimitsa galimoto, ndipo a NyaMsiska anakhala ndi amayi ako kuchipatala masiku anayi. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ine ndi a Mhango tinkasewera bawo pansi pa mango awo mpaka mthunzi utatisiya.

Chaka chimene mafuta a galimoto anasowa, mwezi wa Seputembala

Botolo la nambala 14 linali lina. Patangotha sabata imodzi, zotupa zinayamba kuphwa. Ndinaziona ndi maso anga, ndinazikhudza ndi chala changa. Mbewa imene dzana inali ndi chotupa ngati nzama inali ikuthamanga m'khola, pambali pake pali see. Adokotala anaima pamenepo, anavula magalasi, anawavalanso. Kenako anati, "Musauze munthu, a Mwale. Sabata imodzi si umboni." Ndinalonjeza nditaika dzanja pachifuwa.

Lamlungu lomwelo a Mhango anandigonjetsa kawiri pa bawo, ndipo ndinafuna kopambanira kwina.

"A Mhango, inu zisokani mathalauza anuwo. Ife kwathu kuja khansa taigwira pakhosi."

"Ife ndani, adokotala a mbewa?"

"Ine ndi Dokotala Chunga." Taonani amene ndinamuika patsogolo. "Chotupa ngati nzama, masiku asanu ndi awiri, phwa! Mankhwala a mtengo wa konkuno. Nambala 14. Muikumbukire, mudzaimva pa wailesi."

A Mhango sanaseke. Anangofumbata njere za bawo m'manja n'kubwereza nambalayo motsitsa. Ine ndinayesa ndawagometsa. Sindinkadziwa kuti a NyaMsiska, amene ankasankha nyemba pakhonde akumva zonse, anali ndi chotupa m'bere kuyambira nthawi yokolola.

Sabata yachitatu, mbewa imodzi inayamba kukoka miyendo yakumbuyo. M'mawa mwake zinali zitatu. Zinasiya kudya, ubweya unaima, sikelo inayamba kubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku. Pofika pakati pa Okutobala ndinali nditatentha yomaliza. Zonse zinafa zilibe chotupa, zosalala bwinobwino. Adokotala anatseka buku langa n'kuti, "Kiyi yatsegula chitseko, koma yagwetsanso nyumba. Tipale ina." Iwo anabwerera ku tebulo lawo kukayamba nambala 15. Ine ku bawo sindinakanene kanthu. Uthenga wabwino ndinathamanga nawo, woipa ndinausiya m'buku.

Chaka chomwecho, mwezi wa Novembala

Linali Loweruka m'mawa, kunja kwatentha kale. A Mhango analowera pa geti, osati pa kampata ka mumpanda monga mwa masiku onse. Anali atavala jekete la kutchalitchi, tambala ali m'khwapa. Amayi anu anawapatsa mpando, iwo anaukana. Anagwada pa dothi, munthu wondiposa zaka, mkulu wa mpingo, n'kuika tambala pa mapazi anga.

"Adada," anatero, mwa kwawo, ndipo anali asanandiitanepo choncho. "Alamu anu ali ndi khansa ya m'bere. Kuchipatala akuti mankhwala atha, tsiku lobwera sakulidziwa. Atipatsa kalata kuti tipite ku Blantyre, mwina kumeneko alipo. Mwina. Ulendo wa tsiku lonse ndi munthu wodwala, kukagona pakhonde kwa eni ake, chifukwa cha mwina. Pamene inu muli ndi botolo limene munaliona likugwira ntchito ndi maso anu. Sindikupempha lonse. Kasupuni kokha."

Ana anga, inu munakulira m'tauni, mumati ayi ngati mukupereka moni. Ife tinaleredwa kuti munthu wogwada sakanizidwa ali chigwadire. Umayamba wamudzutsa, ndipo chomudzutsira ndi mawu ofewa. Tinaleredwanso kuti nkhuku ya mlendo sibwerera pakhomo. Ndikadafuna ndikadabisala kuseri kwa mwambo umenewu mpaka lero, ndipo anthu ambiri akadandimvetsa. Koma chinalipo china. Yankho ndinali nalo pa lilime, mawu atatu okha: mbewa zija zinafa. Kuwanena kunali kuvula ovolosi yoyera ija pamaso pa munthu amene ndinamudzitamira.

"Dzukani, a Mhango," ndinatero. "Ndiyesetsa."

Ndinalandira tambala ndi manja awiri. Iwo anapita kwawo, anatenga kalata ya ku Blantyre n'kuiika m'Baibulo.

Geti litangotsekeka, amayi anu anandiimirira kutsogolo.

"Abambo a Tiya, mwalandira chiyani?"

"Nkhuku."

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti mwagulitsa chiyani."

Ndinawauza za mbewa. Anakhala pansi pa chitseko ngati wina wawakankha. "Pitani pompano mukanene."

"Mawa. Ayambe akhazikika mtima."

"Chabwino. Koma tambalayu sindimuphika, ndipo m'khola langa salowa. Akhale apo mpaka mutatsegula pakamwa." Anang'amba kansalu ka chitenje n'kumumangirira ku mtengo wa mapeyala.

Mawa lija linakhala masabata atatu. Sabata yoyamba ndinawauza a Mhango kuti makiyi a filiji ali ndi adokotala. Yachiwiri ndinati kwabwera alendo akunja. Iwo ankangoti, "Tidikira, adada," ali chiimire pa mpanda, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinayamba kubwerera kunyumba kudzera kuseri kwa chigayo kuti ndisadutse pa khomo pawo. M'bandakucha tambala ankalira pansi pa zenera langa, ndipo amayi anu ankati, "Akukuitanani." A NyaMsiska anasiya kupita ku msika. Ndipo m'mutu mwanga munayamba kumera maganizo ena. Mbewa ndi kanthu kakang'ono, munthu ndi wamkulu. Mwina muyeso umene unapha mbewa, kwa munthu ungakhale ngati mchere m'ndiwo. Ndinatulutsa mabuku anga a chiswe aja n'kuyamba kuchulukitsa ndi kugawa ndi masamu a Sitandade 8. Palibe chitsiru choopsa kuposa chitsiru chowerenga.

Lachisanu la sabata yachitatu

Magetsi anazima tisanamwe tiyi. Jenereta inalibe dontho, ndipo galimoto ya kuntchito inali pa mzere wa mafuta kuyambira Lachitatu. Adokotala analongedza okha m'kulabokosi: zotsala za nambala 14, ndi nambala 15 yatsopano imene inali isanayesedwe, ntchito yoposa mwezi wathunthu. "Ola limodzi, a Mwale. Madzi oundanawa ndi ochepa."

Pa depoti, maminibasi a ku Chinsapo ankaima mbali ina, a ku Area 23 mbali ina. Ndinaima pakati, bokosi lili m'manja. Sindinganene kuti ndinaganiza. Ndinangoona kuti ndakhala pa mpando wa kumbuyo wa minibasi ya kwathu, bokosi lili pa maondo, kondakitala akundifunsa kuti, "Madala, mafirizesi amenewo? Tigaireni, kwatentha!" Anthu anaseka. Ine ndinasekanso, mano okha.

A Mhango atandiona pa geti anasiya makina pakati pa msoko. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale yovindikira. M'katimo munali jakisoni watsopano, thonje ndi kabotolo ka sipiriti. "Ndinagula tsiku lomwe lija," anatero. "Mubaye ndinu, mumabaya mbewa." Ine ndinali ndisanabayepo ngakhale mbewa imodzi. Ndinkangozigwira.

A NyaMsiska anali pa mkeka kukhonde la kuseri, atafunda chitenje pa dzuwa limene lija. Anali atatha, koma lumo linalipobe.

"Adokotala a mbewa, mwafika? Ndimayesa munasamuka. Nsapato zanu sizikumvekanso pa njira iyi."

"Ntchito, alamu."

"Ee, ntchito. Khalani." Ndinakhala pa njerwa, bokosi pa maondo, chala changa chili kale pa chotsekera. "Musanatsegule, mundiuze. Anzanga aja amene anayamba kulandira mankhwalawa ine ndisanalandire, ali bwanji? Wodwala amafunsa za odwala anzake."

"Anachira, mama, ndinakuuzani," anatero a Mhango.

"Ndikufunsa mwini khola."

Madzi a m'bokosi anali atayamba kudontha, ndinkawamva akuzizira pa thalauza. Kunena kuti zili bwino kunali kosavuta, pakamwa panga panali patazolowera. Koma maso anga anagwera pa miyendo yawo, yotambasula pa mkeka, zala zikugwedera kuthamangitsa ntchentche. Ndinaona miyendo ina, yoyera, ikukokedwa pa utuchi.

"Zinafa, alamu."

"Zingati?"

"Zonse. Chotupa chinatha, koma zinayamba kufa miyendo, kenako zinasiya kudya. Yomaliza ndinaitentha ndekha."

A Mhango anaika mbale ija pansi pang'onopang'ono. "Liti?"

"Mwezi watha."

"Tsiku limene ndinagwada lija?"

"Zinali zitafa kale."

Ndinayembekeza kuti akalipa, koma munthu uja sankadziwa kukweza mawu. Anangowerama n'kugwira chogwirira cha bokosi. "Mbewa si munthu. Ndipatseni."

"Ayi."

Mawu amenewo anachedwa ndi masabata atatu, ndipo anatuluka ngati chifuwa. A Mhango anakoka. Ine ndinakumbatira. Amuna awiri a imvi, kulimbirana kulabokosi pa khonde, mabotolo akugundana m'kati.

"Munalandira nkhuku yanga!"

"Ilipo, sinadyedwe."

"Mkazi wanga akutha, inu mwafungatira bokosi ngati mwana? Ngati n'kufa, akufa kale. Musiyeni ayese!"

"Muyeso wake sindiudziwa, a Mhango. Ngakhale adokotala saudziwa. Ine si dokotala, ndine wodyetsa mbewa. Ndikawabaya, ayamba miyendo, ndipo adzafa akudziwa kuti ndi ife. Ndimenyeni, muitane anthu, koma bokosi ili silitsegulidwa."

"Awiske Lusungu, lekani," anatero a NyaMsiska, kuwaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo woyamba. Sanakuwe, koma dzanja la a Mhango linafooka. "Inu mwana wa kunyanja, mungadye chinangwa chowawa chongozula kumene chifukwa njala yakula? Chimayamba chaviikidwa. Awa chinangwa chawo sichinaviikike. Katengeni kalata ija m'Baibulo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndipo inu, tambala uja abwere. Wodwala ndine, msuzi ndimwe ndine. Masabata atatu mwandidyera kale, nkhuku musadyenso."

Ndinafika ku Chinsapo dzuwa litapendeka. M'bokosi munali madzi ofunda, mabotolo akusambira. Bodza linali litakonzeka kale, lakuti minibasi inathera mafuta panjira, ndipo chaka chimenecho aliyense akadalikhulupirira. Koma pakamwa pakatseguka kamodzi, ndi bwino kupitiriza pasanatsekeke. Ndinabwerera ku labotale n'kuwauza adokotala zonse, kuyambira pa bawo.

Anamvetsera osandidula. Anatenga botolo la nambala 15, analiyang'ana pa kuwala kwa zenera, n'kuliponya m'ndowa ya zotentha.

"Munatsegula?"

"Ayi."

"Makiyi."

Ndinawaika pa tebulo. Anandiimitsa ntchito mwezi umodzi, n'kunena kuti ndikadzabwera ndidzabwerere ku umesenjala. Ndili pa chitseko anandiitana. "Mayiyo dzina lake ndani?" Anaimbira mnzawo wa kusukulu amene ankagwira ntchito ku Blantyre, ndipo anamva kuti mankhwala analipodi. Akuika foni pansi anati, "Mukudziwa, a Mwale? Mankhwala amene akalandire kumeneko anachokeranso ku mtengo, wa kumayiko ozizira. Anthu anaupala zaka zambirimbiri usanaloledwe kulowa m'thupi la munthu. Inu mumafuna kudumpha zonsezo pa minibasi."

Madzulo ake ndinamasula tambala ndekha, ndinadzera pa geti, n'kukamupereka. Amayi anu anapita kukathandiza kumusosola.

Mvula ziwiri zotsatira

Poti ndinalibe ntchito mwezi umenewo, ndinawaperekeza a Mhango ndi akazi awo ku Blantyre, ndikunyamula chikwama. A Mhango sanandiitane ndipo sanandiletse. Ulendo wonse anandilankhula kamodzi, kundiuza kuti ndisunthe phazi. Dokotala wa kumeneko, mtsikana wa msinkhu wa Tiyamike lero, anawerenga kalata, n'kubwerera pamwamba pamene panali deti.

"Kalata iyi ndi ya masabata atatu apitawo. Munali kuti? Matendawa sadikira."

Ndinali nditaima pa chitseko, chikwama m'manja. A Mhango sanandiyang'ane. "Tinkakonzekera ulendo," anatero.

Ngati masabata atatu aja ndi amene anasiyanitsa, palibe angandiuze. Ndinawafunsapo Dokotala Chunga, ndipo anandiyankha monga ankayankhira zonse: "Sitingadziwe." Sanawonjezere kalikonse kondipepuza. A NyaMsiska anakhala mvula ziwiri. Anabwerera ngakhale ku msika, tsitsi litathothoka, mpango uli kumutu, ndipo ndikamadutsa ankakuwa pamaso pa anthu, "Adokotala, odwala anu adzuka bwanji?" Ndinkavula chipewa n'kuyankha kuti ndine mesenjala. A Mhango moni ankapereka, koma bawo silinatulukenso.

A NyaMsiska anamwalira nthawi yokolola. M'mawa wa tsiku limene galimoto inkanyamuka ndi maliro kupita kumpoto, a Mhango anabwera kudzera pa kampata ka mumpanda kaja, atanyamula pepala la m'kope. "Mbiri ya malemu muwerenge ndinu. Wowerenga pano ndinu." Ndinalibe nthawi yoliona. Ndinaimirira pamaso pa mpingo, amayi a mumsika ndi dera lonse, n'kuyamba: kumene anabadwira, ukwati, ana, ntchito za mumpingo. Kenako ndinafika pa mzere uwu, wolembedwa ndi dzanja lowongoka la telala: "Matenda atadziwika, tinathamangira nawo kuchipatala mosachedwa." Mawu anandithera. Anthu anayesa ndi chisoni, amayi ena anayamba kulira. Ndinadzutsa maso, ndipo a Mhango anali akundiyang'ana. Anagwedeza mutu kamodzi. Ndinawerenga mzerewo monga unalembedwera.

A Mhango atabwerako kumudzi ndinawapeza pa makina n'kuwafunsa chifukwa chake analemba choncho. Anamaliza msoko, anadula ulusi ndi mano.

"Anagwada ndani? Kalata anaisunga m'Baibulo ndani? Tikayamba kulemba zoona, a Mwale, tilowamo tonse awiri, ndipo ana anga atsala ndi ine ndekha."

Ndinapuma ntchito ndili mesenjala, monga ndinayambira. Pochoka ine mabotolo anali atapitirira nambala 20, ndipo panalibe limene linali litaloledwa kufika kwa munthu. Ndimamva kuti ophunzira a adokotala akupalabe kiyi ija, ndipo ndimawapempherera kuti asatope komanso asafulumire. A Mhango anagulitsa makina n'kubwerera kwawo, ndipo chaka chatha anatsatira akazi awo. Lusungu nkhaniyi ndinakamuuza ndekha ndisanagwire cholembera, ndipo anati ndilembe. Pepala la mbiri lija lili m'dikishonale yanga, mukalipeza musalitaye. Zonse zimene zili mmenemo ndi zoona, kungoti mukusowa masabata atatu. Ndi awa ndawabweza pano.